Madala akayamba kukhulitsa galimoto pa geti, muziyamba kuganiza za makiyi

Inu amene muli ndi bambo kapena mayi achikulire omwe akuyendetsabe galimoto muno mu Blantyre, nkhaniyi ndi yanu. Anthu amakonda kufunsa kuti kodi munthu asiye kuyendetsa ali ndi zaka zingati, 70 kapena 75? Ine ndimati zaka pazokha sizikuuzani kanthu, alipo madala oti mutu wonse mbuu koma pamsewu ali tcheru, aliponso ena ongopuma kumene pantchito maso atatha kalekale koma kuvomera ayi. Galimoto timaipititsa ku COF chaka ndi chaka, amaona mabuleki, matayala, magetsi, koma mwini wake amangodikira laisensi ithe zaka 5, nanga thupi la munthu wamkulu pa zaka 5 silisintha?

Choyamba izungulireni galimotoyo. Ine bambo anga ndinawatulukira choncho, bampala yakumbuyo inali ndi penti ya geti lathu lomwe, geti loti alowapo kuyambira ndili mwana, nditafunsa anangoti mwina ndi adzukuluwa. Chonsecho khosi linali litauma, pochita livesi sankathanso kucheuka, ankangodalira chizolowezi basi. Mtima unandiwawa tsiku limenelo chifukwa ndi iwowo anandiphunzitsa kusintha magiya.

Kenako kwerani nawo, osati ngati wapolisi ayi, mungoti bambo tandiperekezeni ku Limbe. Kuchokera pa Ginnery Corner kudutsa mu Masauko Chipembere Highway cha m'ma 5 koloko madzulo, inu khalani chete muzingoona. Pa raundabauti ya pa Chichiri akulowa nthawi yake kapena akuima mpaka a m'mbuyo kuliza mahutala? Minibasi ikaima mwadzidzidzi kutola munthu phazi likufika msanga pa buleki? Nanga akabaza a njinga zamoto otulukira mbali zonse aja akuwaona, kapena akungodzidzimuka atadutsa kale? Galimoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola, sekondi imodzi yokha yayenda pafupifupi mamita 17, ndiye kuchedwa pang'ono kuponda buleki ndi mwana wa sukulu ameneyo.

Musathamangire kulanda makiyi musanapite nawo kuchipatala, zina zimachizika. Ng'ala imapangitsa kuti magetsi a galimoto zobwera kutsogolo aziwathobwa usiku, koma ng'ala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi ndipo ambiri amaonanso bwino, ku Queens kuli chipatala cha maso cha Lions. Auzeni ayezenso glaucoma, iyoyo ndi yachinsisi, siwawa, imayamba kudya m'mbali mwa diso munthu kutsogolo akuona bwinobwino, ndipo zomwe yadya sizibwerera. Tengani mankhwala onse amene amamwa muwaonetse adokotala. Piriton yemweyu amagonetsa, ena a BP amachititsa chizungulire, ndipo amene ali pa mankhwala a shuga asayendetse asanadye, shuga akatsika munthu amanjenjemera, thukuta, mutu kusokonekera ali pakati pa msewu.

Koma pali zina zosafuna kukambirana kawiri. Akasochera pa njira yoti amaidziwa, kuchoka ku tchalitchi kupezeka ali ku Chirimba osadziwa afikako bwanji, kapena kuponda faya m'malo mwa buleki, kapena anakomokapo, galimoto iime tsiku lomwelo mpaka adokotala anene. Ndipo chonde kuiwalaiwala kwa okalamba ndi matenda a ubongo, si ufiti, ndimamva chisoni mmene ena timawanenera makolo athu.

Kwa ambiri kusiya kumakhala kwapang'onopang'ono. Ayambe asiya usiku. Nthawi ya chiperoni mu June ndi July nkhungu ikatseka ku Limbe ndi msewu wa Thyolo, asatuluke. Maulendo aatali a ku Zalewa kapena kutsetsereka mapiri a ku Chikwawa apatse wina. Atsale ndi tinjira tawo ta masana, kumsika, ku tchalitchi, nthawi yoti msewu ulibe piringupiringu.

Tsono kalankhulidwe ndi pamene ambiri timalakwitsa. Kwa bambo amene anagula galimoto ndi penshoni yawo, makiyi aja ndi ulemu wawo, ndi amene amawafikitsa pa maliro nthawi yabwino, kumunda kumudzi, osapempha munthu. Ukawauza pagulu, pamaso pa apongozi ndi adzukulu, kuti bambo mwakalamba, wawavula. Kubisa makiyi kapena kunama kuti galimoto yawonongeka nakonso ayi, akadzadziwa sadzakukhulupiriraninso. Khalani nawo pawiri, nenani zomwe mwaona ndi maso anu, "Bambo, dzana pa Chichiri paja wa kabaza uja simunamuone, ine ndinachita mantha." Akakana musakangane, mutu umodzi susenza denga, pitani kwa amalume kapena achimwene awo, abusa, kaya mnzawo wakale amene anasiya kale kuyendetsa, mawu a msinkhu wawo amalowa msanga kusiyana ndi a mwana.

Ndipo musapite chimanjamanja. Musanatchule za makiyi gwirizanani pachibale kuti Lamlungu amawatenga ndani, tsiku la sikelo ya BP ndani, uthenga wa maliro ukabwera usiku aimbira ndani. Ndalama yomwe inkapita ku mafuta ndi inshuwalansi ikhoza kulipira dalaivala wodalirika kapena wa takisi mmodzi wodziwika. Mukalanda galimoto n'kuwasiya pakhonde sabata yonse, mudzawapeza atatenga makiyi a sipeya.

Kwathu galimoto sitinagulitse, ili m'dzina lawo ndithu. Loweruka mng'ono wanga amayendetsa, iwo amakhala kutsogolo makiyi a geti ali m'manja, n'kumamuuza kuti pa Kandodo Corner alowe leni ya kumanzere msanga.