Kusankha boti la matanga mukakhala achikulire

Bambo ndi mayi a ku Chipata, mwafunsa za boti loti muziyenda nalo awiriwiri pa Nyanja ya Malawi, pomwe mawondo ayamba kuvuta.

Yambani ndi kutalika: mamita 9 mpaka 11 basi. Likakula, matanga ndi nangula zimalemera. Kenako onani kuti thanga lakutsogolo limakulungika pongokoka chingwe, ndipo zingwe zonse zikufika pokhala woongolera. Kukwawa pamwamba pa boti mwera ukuwomba, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndiko kumagwetsera anthu m'madzi. Nangula azikwezedwa ndi makina amagetsi, osati msana wanu.

Kwerani ndi kutsika masitepe olowera m'kati kangapo, muone ngati pali pogwira. Mawaya ogwira mlongoti akapitirira zaka 10, asinthidwe.

Musanalipire, liyeseni pamadzi. Mayi nawonso awongole, chifukwa bambo akadwala pakati pa nyanja, olibweza kugombe ndi iwowo.