Mbaula Isalowe M'chipinda Chotseka Pophika Buledi

Chiyambire mwezi wa June, pamene mwera wayamba kukuntha ndipo asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka akukhala masiku angapo osalowa panyanja, amayi ambiri kuno ku Salima adalira kuphika buledi ndi kusoka kuti pakhomo pasasowe ya mchere. Ntchitoyi ndi yabwino, koma m'nyumba zingapo zimene ndayendera ndapeza zofanana: mbaula ili pakati pa chipinda, poto wa buledi ali pamoto, makala ena ali pachivundikiro, chitseko n'chotseka, pazenera atsekapo katoni, mayi ali pamakina osokera, mwana ali mtulo pamkeka.

Ndikafunsa, amandiyankha kuti mtanda sufufuma kukazizira, ndiponso kuti panja mphepo imamaliza makala msanga. Zonsezi n'zoona, koma makala akamayaka pamalo posowa mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo, suoneka ndi maso, ndipo sutsokomoletsa monga uchitira utsi wa nkhuni. Ukalowa m'thupi umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200, kotero kuti munthu amapuma bwinobwino pamene thupi lake likubanika. Umayamba ndi mutu, kenako chizungulire, nseru ndi tulo tosadziwika bwino, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo amayamba kugwidwa. Pophika buledi vutoli limakula chifukwa moto umakhala pawiri, pansi ndi pamwamba, ndiponso chifukwa wosoka amakhala pamalo amodzi kufikira buledi atapsa, mwinanso n'kuikapo poto wachiwiri.

Chimene chimanditopetsa ndi mawu akuti makolo athu ankasonkha moto m'nyumba koma sanafe nawo. Nyumba za makolowo zinali zofolera ndi udzu, utsi unkatulukira kudenga, ndipo chitseko cha bango chinkalowetsa mphepo. Lero tamanga za njerwa zootcha, zamalata ndi zitseko zokhazikika bwino, koma khalidwe tasunga lakale lomwe lija.

Mayi wina wa chakufupi ndi Lifuwu anandiuza kuti kwa masabata awiri ankadwala mutu tsiku lililonse lophika. "Alangizi, ine ndinkangoti ndi malungo," anatero, "koma kuchipatala anandiyeza kawiri osawapeza, mpaka apongozi anayamba kunena kuti wina wandichitira nsanje pa geniyi." Tsiku lina anasinza ali pamakina, singano inam'baya chala, ndipo atadzidzimuka anapeza kuti wasoka mokhota chitenje cha mwini wake, buledi wapserera, mwana akusanza. Analipira chitenje, anataya ufa wa tirigu, shuga, isiti ndi makala, kuwonjezapo ndalama ya kabaza ya maulendo awiri aja. Ndinamuuza kuti anali ndi mwayi kuti singano ija inamudzutsa, chifukwa ena mpweya umenewu ukawagoneka sadzukanso.

Chochita n'chachidule. Mbaula ikhale pakhonde kapena kukhitchini yapanja, mutchinge mbali yochokera mwera ndi lata kapena mkeka wakale kuti makala asathe msanga, ndipo makina osokera akhale m'nyumba paokha. Mtanda muukande ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha chifukwa amapha isiti, muuvundikire ndi nsalu yoyera n'kuuika padzuwa pobisika mphepo kapena pambali pa poto wa madzi otentha. Kukazizira umachedwa chabe, mwina maola awiri m'malo mwa limodzi, koma umafufuma. Makala otsala musawalowetse m'nyumba usiku kuti muothe. Wina akayamba kumva mutu kapena chizungulire pafupi ndi mbaula, mutulutseni panja msanga, mutsegule zitseko ndi mazenera, ndipo mupite naye kuchipatala n'kukawauza azaumoyo kuti anali m'chipinda cha makala.