Kulowa swimrun pamene kusambira m'madzi akuya sikunakukhaleni bwino

Swimrun ndi mpikisano wothamanga ndi kusambira mosinthanasinthana, popanda poimira kuti musinthe zovala. Mumathamanga mutavala wetsuit (chovala chothina chosambirira chimene chimasunga kutentha kwa thupi), mumasambira mutavala nsapato. Unayambira ku Sweden mu 2002, amuna anayi atabetcherana zowoloka zilumba za kufupi ndi Stockholm, ndipo mu 2006 Michael Lemmel ndi Mats Skott anaukonza kukhala mpikisano weniweni wotchedwa ÖTILLÖ. Ambiri amene amakopeka nawo ndi akatswiri othamanga amene m'madzi amangoyeserako. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, malangizowa ndi anu.

Posankha mpikisano musayang'ane kutalika kwa mtunda wonse. Funsani okonza kuti chigawo chosambira chachitali kwambiri ndi mamita angati, ndipo chili poyambirira kapena kumapeto mutatopa kale. Mpikisano waukulu wa ÖTILLÖ, wochokera ku Sandhamn kukathera ku Utö, ndi wa makilomita pafupifupi 75, ndipo pafupifupi 10 mwa amenewa ndi a m'madzi. Chigawo choyamba chosambira chokha chimapitirira kilomita ndi theka. Umenewo usiyeni kaye. Okonza omwewo ali ndi mipikisano yaifupi yotchedwa Experience ndi Sprint, ndipo koyambira n'kumeneko. Ngati chigawo chachitali ndi mamita 500, muzikhoza kusambira 700 m'nyanja, nsapato zili kuphazi, osagwira kanthu, tsikulo lisanafike. Zakudziwe losambirira, komwe mumapumira pakhoma mamita 25 aliwonse, musaziwerengere. Funsaninso za nthawi imene amatsekera njira, chifukwa wochedwa amamuchotsa panjira ngakhale mphamvu akadali nazo.

Chachiwiri ndi kuzizira, ndipo apa ndichedwapo. Amene tinaphunzirira kusambira ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay tinazolowera madzi ofunda chaka chonse. Madzi a kuzilumba za Stockholm mu September amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15, ndipo amene muli ku Cape Town mukudziwa kuti mbali ya Atlantic nayo sichitira munthu chifundo. Mukalowa m'madzi otero thupi limadzidzimuka: mumakoka mpweya mosafuna, mtima umagunda msanga, kupuma kumakhala kwa befu. Nkhope ikakhala m'madzi panthawi imeneyo, mumameza madzi, mantha n'kuyamba. Zimenezi zimaphwa pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, koma mu swimrun zimabwerezabwereza chifukwa mumalowa thupi lili lotentha ndi liwiro. Mankhwala ake ndi kuzolowera. Muzilowa m'madzi ozizira pafupipafupi masabata angapo mpikisano usanachitike, muli ndi mnzanu pambali, osati nokha. Tsekani zipi ya wetsuit mukadali pamtunda, chepetsani liwiro kutatsala mamita ochepa kuti mufike pagombe, nyowetsani nkhope ndi khosi, ndipo mukayamba kusambira muzitulutsira mpweya m'madzi pang'onopang'ono. Mantha akakugwirani pakati, gonani chagada. Wetsuit imakuyandamitsani, mupume mpaka mtima utsike.

Nsapato zonyowa zimakokera miyendo pansi, ndiye pafupifupi aliyense amapana pull buoy (kachipangizo koyandama kokweza miyendo) pakati pa ntchafu, yomangirira ndi lamba wotanuka kuti pothamanga aitembenuzire kumbali. Kwa wosambira wofooka palibe chida choposa chimenechi, kungoti muwerenge malamulo chifukwa ena amaika malire a kukula kwake. Timbale tovala m'manja n'tosiyana. Mudzaona akatswiri atavala tikulutikulu, musatengeke. Timawonjezera mphamvu kwa amene kakokedwe kake ka madzi n'kabwino kale, koma kwa wina timangothyola mapewa, ndipo pofika chigawo chachinayi mkono sukwezeka. Yambani ndi tating'ono, kapena osavala n'komwe. Nsapato zikhale zopepuka, zotulutsa madzi msanga, zogwira pamwala wonyowa.

Mwayi wanu weniweni uli pa mnzanu. Masiku ano kuli mipikisano yolowa munthu yekha, koma inu lowani awiri. Lamulo la ÖTILLÖ limati awiriwo asatalikirane kuposa mamita 10, ndipo amaloledwa kumangana ndi chingwe chotanuka m'chiuno. Wodziwa kusambira amatsogola, ndiye amene amadzutsa mutu kuyang'ana mbendera ya kutsidya, inu n'kumangotsatira thovu la mapazi ake. Izi zimakuchotserani ntchito imene imadya nthawi ya ofooka ambiri, yosambira mokhotakhota n'kuwonjezera mtunda. Chingwecho chikhale chotalika mongokwanira kuti zala zanu zizitsala pang'ono kukhudza nsapato zake. Chikatalika chimakulungana m'manja, chikafupika mumalandira chidendene kumaso. Muyeserere limodzi kangapo, ndipo mugwirizane zizindikiro: mwachitsanzo kukoka kawiri ndiye kuti aime. Musasankhe mnzanu wofuna mendulo. Mumuuziretu liwiro lanu lenileni, si zoti akadziwire pakati pa nyanja ayi. Pamtunda chingwe chomwecho mukhoza kumukokera nacho inu, ngongole n'kutha.

Polowera ndi potulukira ndi pamene anthu amavulala. Musanalowe, imani kaye muone kumene mukupita ndi kumene madzi akukokera, ndipo ngati akukokera kumanzere, lunjikani chakumanja kwa mbendera. Potuluka musaimirire msanga. Sambirani mpaka dzanja likhudze pansi, kenako kwawani, chifukwa miyala ya ndere imaterera ndipo mutu umazungulira mukangodzuka m'madzi ozizira. Zala zimakhala zitachita dzanzi, choncho chakudya chanu chikhale m'mapaketi osavuta kung'amba, ndipo muzidya pothamanga, osati mutayandikira madzi. Wenzulo ndi bandeji amazifuna kwa opikisana ndipo amaziyang'ana musananyamuke. Wenzuloyo ikhale pamalo poti muifikire ndi dzanja limodzi muli m'madzi. Mukaona mnzanu akunjenjemera kosalekeza, akuyankhula mosamveka kapena akulephera kutseka zipi yake, uzani oyang'anira amene ali pagombe kapena m'boti, mpikisano wanu uthere pomwepo.