Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya wolemba mabuku a ndalama

Kaya muli pa shopu, pa kampani kapena pa bungwe, ntchito yolemba mabuku a ndalama yagona pa lamulo limodzi: ndalama isalowe kapena kutuluka popanda pepala, ndipo pepalalo lilowe m'buku tsiku lomwelo. Mavuto ambiri a kumapeto kwa mwezi amayamba ndi mawu oti "ndilemba mawa".

M'mawa, musanalandire kapena kupereka kalikonse, werengani ndalama zomwe zagona m'kabokosi, muone ngati zikufanana ndi zomwe kashibuku, buku lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, akunena kuti zinatsala dzulo. Kenako sonkhanitsani malisiti, mainvoisi ndi masilipi a kubanki, muwandandalike motsata manambala. Nambala ikadumpha, funsani nthawi yomweyo. Lisiti lolakwika silithotholedwa m'buku: jambulani mizere iwiri, lembani kuti lafafanizidwa, makope ake onse akhale momwemo. Malisiti a m'makina, a pepala loterera lija, amafufutika pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha, choncho apangeni fotokope akadali kuwerengeka.

Ndalama za pa Airtel Money ndi TNM Mpamba zikhale ndi gawo lakelake m'buku, osaziphatikiza ndi za m'manja. Pa malipiro aliwonse lembani nambala ya uthenga, ndipo musakhulupirire uthenga womwe kasitomala akukuonetsani pa foni yake. Onani kuti ndalamazo zafikadi pa nambala ya bizinesi. Zomwe amadula potumiza ndi potapa nazonso ndi ndalama yotuluka. Zimaoneka zochepa, koma zikapanda kulembedwa buku silingagwirizane ndi foni.

Peti kashi, ndalama zochepa zosungidwa padera zolipirira tinthu ting'onoting'ono, ndiye amafuna maso kwambiri, chifukwa ndalama zing'onozing'ono za minibasi, shuga wa tiyi ndi mayunitsi zimathothoka mwakachetechete. Ikani mlingo umodzi, tinene K200,000. Aliyense wotengapo asaine vocha yonena tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi ntchito yake, wovomereza asainenso, ndipo lisiti likabwera lilumikizidwe ku vochayo. Nthawi ina iliyonse mavocha kuphatikiza ndalama zotsala zikwane K200,000. Ngati mavocha akwana K137,500, m'kabokosi mukhale K62,500, ndipo powonjezera mupemphe K137,500 yomweyo, osapyola. Kapepala koti "ndabwereka, ndibweza Lachisanu" si vocha. Ngakhale atenge ndi abwana eni bizinesi, ndalama kapena thumba la shuga lopita kunyumba, zilembedwe kuti mwini watenga. Apa musachite manyazi. Nenani mwaulemu: "Bwana, mundisainire apa kuti buku likhale bwino." Zikapanda kutero, phindu limaoneka lochepa ndipo woganiziridwa kuba amakhala inuyo.

Ogula pa ngongole aliyense akhale ndi tsamba lake. Kamodzi pa sabata gawani ngongolezo: za masiku 30, za 60, za 90 ndi kupyola, muyambe kuimbira akalewo. Kwa okugulitsani katundu, musalipire invoisi musanaiyerekeze ndi oda yanu komanso pepala losonyeza katundu yemwe wafikadi. Mukalipira, dindani invoisiyo kuti isadzalipidwenso kachiwiri.

Madzulo phatikizani zonse, muwerengenso ndalama. Zikasiyana, musathamangire kuikapo ya m'thumba mwanu, yang'anani kusiyanako. Ngati kukugawika ndi 9, kawirikawiri manambala atembenuzidwa: K54,000 yalembedwa K45,000, kusiyana K9,000. Ngati sikutero, kugaweni pawiri mufufuze ndalama yofanana ndi thekalo, chifukwa yolowa ikalembedwa kumbali ya zotuluka, kusiyana kumakhala kowirikiza kawiri. Kusiyana kukakhala ndalama yathunthu yodziwika, mwina pali lisiti lomwe silinalembedwe kapena lalembedwa kawiri. Pokonza, dulani mzere umodzi kuti cholakwikacho chizionekabe, lembani cholondola pamwamba, musaine pambali. Tipeksi asayandikire buku la ndalama.

Mwezi ukatha, tengani sitetimenti ya kubanki muchonge mzere ndi mzere ndi kashibuku. Zotsala zosachongedwa nthawi zambiri zimakhala macheke omwe eni ake sanakasinthe, ndalama zosungitsidwa tsiku lomaliza, zodula za banki, kapena kasitomala yemwe watumiza ndalama osakuuzani. Zodula za banki ndi zotumizidwazo zilowetseni m'kashibuku. Machekewo ingowalembani pa pepala loyanjanitsa kashibuku ndi sitetimenti mpaka adzatuluke.

Masiku a MRA alembeni pakhoma. Msonkho wa PAYE wodulidwa pa malipiro a antchito ndi withholding tax (msonkho womwe mumadula polipira okugulitsani katundu kapena okugwirirani ntchito) ziyenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, pomwe za VAT, kwa olembetsa VAT, ndi pofika pa 25. Mafomu ake amatumizidwa pa Msonkho Online, ndiye musadikire tsiku lomaliza, intaneti kapena magetsi zikhoza kukukhumudwitsani, chilango n'kukhala cha bizinesi. Za penshoni nazo zisagone: wantchito amadulidwa osachepera 5 peresenti, wolemba ntchito amaikapo osachepera 10 peresenti. Ndalama zodulidwazi si za kampani, choncho zisagwiritsidwe ntchito yoodera katundu poti zidzabwezedwa.

Ngati mumalemba pa mapulogalamu a kompyuta monga Excel, Sage kapena QuickBooks, aliyense akhale ndi pasiwedi yake, ndipo Lachisanu lililonse koperani mafayilo pa fulashi yosungidwa kwina, osati m'dirowa ya kompyuta yomweyo.