Momwe mungasinthire ma disiki a seva kuti akhale ochepa koma aakulu

Tiyerekeze kuti seva yanu ili ndi ma disiki asanu ndi atatu a 2 TB pa RAID 6 (njira yolumikizira ma disiki kuti azigwira ntchito ngati imodzi, deta osatayika ngakhale awiri atafa), omwe amakupatsani malo okwana 12 TB. Mukaikamo anayi okha a 8 TB pa RAID 6 yomweyo, malo afika 16 TB, magetsi muziwononga ochepa, nayo seva izitentha pang'ono. Koma phuma pa ntchitoyi lingakutayitseni zonse.

Yambani ndi kufufuza khadi ya RAID, yomwe imayendetsa ma disikiwo mu seva. Makadi ena akale saona disiki yopitirira 2 TB, ndipo MBR, njira yakale yogawira disiki m'zigawo, nayo imathera pomwepo, choncho ma disiki atsopano muwakonze ndi njira yatsopano ya GPT. Pogula, onetsetsani kuti ndi a CMR, osati SMR (awa ndi mitundu iwiri ya kalembedwe ka deta pa disiki). A SMR akapanikizika ndi kulemba kwa nthawi yaitali amayenda ngati birimankhwe, mpaka khadi imatha kuwataya poganiza kuti afa.

Kenaka pangani backup yonse, n'kuyesa kubwezeretsako mafayilo angapo. Osadumpha apa.

Ma disiki akafika, ayeseni asanalowe ntchito. Lamulo la smartctl -t long limayendera disiki yonse, pomwe badblocks -w imalemba ndi kuwerenga paliponse. Izi zimadya masiku angapo ndipo badblocks -w imafufuta chilichonse, ndiye musalakwitse dzina la disiki.

Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Kuzula disiki imodzi imodzi n'kulowetsa yaikulu kumathandiza pokhapokha chiwerengero chikakhala chomwecho. Inu mukuchepetsa, ndiye mangani array (gulu la ma disiki a RAID) yatsopano pambali, yakaleyo isakhudzidwe. Ngati malo olowetsamo atha, gwiritsani ntchito bokosi la ma disiki lapadera. RAID 5 ine sindikulangizani. Pa RAID 5, disiki ya 8 TB ikafa, kudzaza ina pa liwiro la 150 MB pa sekondi kumatenga pafupifupi maola 15, seva isakugwira ntchito ina iliyonse. Nthawi yonseyo otsalawo akuwerengedwa mosalekeza, ndipo ina ikangogwa, zonse zapita. RAID 6 imapirira awiri.

Koperani mafayilo kupita ku array yatsopano ndi rsync -aHAX anthu akugwirabe ntchito. Ikatha, imitsani mapulogalamu onse olemba pa seva, makamaka database, mubwereze lamulo lomwelo powonjezera --delete kuti litole zosintha zokha n'kufufutanso zomwe zachotsedwa ku array yakale. Pomaliza yerekezani mbali ziwirizo ndi --checksum, kenaka sinthani ma UUID (manambala ozindikiritsa ma disiki) mu fayilo ya /etc/fstab musanazimitse n'kuyatsanso.

Dziwaninso kuti ma disiki ogawana ntchito yowerenga ndi kulemba achepa ndi theka. Pa mafayilo aakulu mwina simungaone kusiyana kwenikweni, koma database yotanganidwa idzayamba kuchedwa. Zikatero, iyoyo isamutsireni pa SSD.

Ma disiki akale alembeni manambala monga anakhalira mu seva, muwasunge milungu ingapo. Mukakhutira kuti palibe chasowa, afufuteni ndi shred musanawapereke kwa wina.