Mwana akamavutika kusukulu, muyambire pati kuno ku Mzuzu?

Makolo anzanga, mwana akabwereza sitandade 2 kawiri, mawu amene amatuluka msanga pakhomo ndi oti "ameneyu mutu ndi wouma" olo "ulesi basi". Musanafike pamenepo tafufuzani kaye maso, makutu ndi chilankhulo, chifukwa ana ena amene timati sagwira vuto lawo lili pamenepa, ndipo thandizo lilipo, kungoti silibwera lokha pakhomo, mumayenera kuliyendera.

Yambirani kunyumba konko. Muoneni akamawerenga, kodi buku amaliyandikiza mpaka pamphuno? Mumuitane muli kumbuyo kwake, mawu wamba osakuwa, muone ngati atembenuke. Mwana amene khutu limatuluka mafinya pafupipafupi amamva mwapatalipatali, nde mkalasi modzaza muja atakhala pansi kumbuyo, aphunzitsi akulankhula atayang'ana kubolodi, iye amangoona choko chikuyenda. Tsegulaninso kope lake. Ngati amakopera theka la mzere n'kudumpha, kapena wafika sitandade 4 koma b ndi d akumasokonezabe pomwe nthano ndi masamu apakamwa amakhoza bwinobwino, kope limenelo musalitaye, ndi umboni wanu.

Nkhani ya chilankhulo kuno ndi yaikulu ndipo timaiiwala. Mwana wachokera ku Chitipa kapena ku Karonga, kunyumba ndi Chilambya olo Chinkhonde, wina ndi Chitonga cha ku Nkhata Bay, anzake osewera nawo ku Zolozolo kapena ku Chibavi akuyankhula Chitumbuka, koma buku la sitandade 1 ndi la Chichewa ndi Chingerezi. Ameneyu alibe ulumali uliwonse, akungolimbana ndi zilankhulo zinayi nthawi imodzi. Auzeni aphunzitsi tsiku loyamba lomwelo, amukhazike ndi mnzake womva chilankhulo chake, kunyumba muzimuwerengera buku la Chichewa lija n'kumamufotokozera m'chakwanu.

Mukakayikira maso, makutu kapena kakulidwe, tengani buku la kuchipatala muyambe ku Mapale kapena chipatala chaching'ono chapafupi, iwo akutumizani ku chipatala chachikulu cha Central pakafunika. Mwana amene wachedwa kuyenda, kulankhula, kapena sakhazikika ndi pang'ono pomwe, a St John of God mu mzinda muno ali ndi gawo lothandiza ana otere, si za matenda amisala okha ayi monga ambiri amaganizira. Apa chofunika kwambiri, apempheni adokotala alembe m'bukumo chimene apeza ndi chimene mwanayo akufunika kusukulu. Mawu apakamwa amathera pageti, koma zolembedwa a hedi amaziwerenga.

Kenako kusukulu. Musapite ndi mkwiyo, komanso musapite ndi "mwana wangayu muthandizeni" basi, aphunzitsi ali ndi ana ambirimbiri sangadziwe pogwira. Pitani ndi zopempha zooneka: akhale kutsogolo, mbali imene khutu lake labwino lili kwa aphunzitsi, pabolodi alembe zilembo zikuluzikulu, akamalankhula amuyang'ane, apatsidwe nthawi yomalizira kukopera. Ngati amayendera njinga ya olumala kapena ndodo, yendani nawo a hedi mpaka kuchimbudzi muone limodzi masitepe ndi matope, pajatu mvula ya kuno siichedwa kusiya, ndipo kusamutsa kalasi kupita chipinda chofikirika mosavuta sikufuna ndalama. Zimene mwagwirizana lembani ndi deti lake, pakatha mwezi mubwererenso.

Funsani ngati pasukulupo pali mphunzitsi wa maphunziro apadera, aja amaphunzira ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amene amadziwa braille (zilembo za osaona), chinenero chamanja ndi kuthandiza ana ochedwa kugwira. Si sukulu iliyonse ili naye, ena amayendera sukulu zingapo, kwina kuli chipinda cha resource kumene mwana amapita maola ena n'kubwerera mkalasi mwa anzake. Amene amadziwa komwe aphunzitsiwa ali ndi a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale m'zoni, apezeni kuofesi kwawo ku TDC ya zoni yanu, zikakanika pamenepo ndiye kuofesi yaikulu ya maphunziro. Wina akakuuzani kuti "ana otere kuno sitilandira", dziwani kuti pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense apite kusukulu, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, linaletsa kale kusala mwana pa maphunziro. Musapite nokha, tengani wa komiti ya sukulu kapena funsani a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali.

Pa mwana wosamva kwenikweni ine maganizo anga ndi oti musamusunge zaka mkalasi momwe mulibe wodziwa chinenero chamanja, kumeneko ndi kumukhazika chabe osati kumuphunzitsa. Chigawo chino chili ndi sukulu za ana osamva ku Embangweni, ku Bandawe ndi ku Karonga, ndipo za ana osaona pali Ekwendeni pafupi pompa. Kusiyana ndi mwana wamng'ono kumawawa zedi, koma akachedwa kupeza chinenero zonse zimachedwa, ndipo nanu apabanja phunzirani zizindikirozo kuti patchuthi asakhale mlendo kwawo.

Mwana wachialubino nthawi zambiri maso saona patali, nde kutsogolo, kutali ndi kuwala kwa pawindo, chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali aloledwe olo yunifolomu itanena zina, mafuta oteteza khungu funsani kuchipatala kapena kwa a APAM, bungwe la anthu achialubino, komanso asamayende yekha. Wa khunyu auzeni aphunzitsi poyera kuti sichipatsirana, akagwa amugoneke chammbali, asamuike supuni kapena chala mkamwa, mankhwala asamadumphitse.

Pena vuto ndi njala, kusowa sopo, kapena umasiye. Amayi a mother group pasukulu ndi amene amatsatira ana ojomba, ndipo mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba amaloledwa kubwerera akabereka. Za thandizo la mwana wa ku sekondale kafunseni ku ofesi ya social welfare.

Mwana akalowa sitandade 8, musadikire teremu yachitatu. A MANEB amakonza mapepala a mayeso a braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma amatero pokhapokha sukulu yanena za vuto la mwanayo polembetsa mayina, nde teremu yoyamba yomweyo pitani ndi buku la kuchipatala lija kwa a hedi, mupemphe kuona ndi maso anu kuti pa dzina la mwana wanu alembapo.