Opaleshoni Yokweza Nsidze: Malangizo a Musanapite ndi Mukacoka ku Cipatala

Malangizo awa ndi a munthu amene akuganiza zocitidwa opaleshoni yokweza nsidze ndi kuwongola khungu la pamphumi, kapena amene wapatsidwa kale tsiku. Awelengeni mofatsa, ndipo pokaonana ndi dokotala mupite nawo. Ngati zimene dokotala wanu wakuuzani zasiyana ndi zimene zalembedwa pano, tsatilani za dokotalayo, cifukwa iye ndiye wapima nkhope yanu.

Cimene cimagwetsa nsidze

Pamphumi pali mnofu umodzi wokha umene umakokela nsidze m'mwamba. Yokokela pansi ilipo ingapo: ya pakati pa nsidze, imene imagwila nchito mukakwinya nkhope, ndi uja wozungulila diso. Zaka zikamapita khungu limalefuka, mafuta a pansi pake amacepa, ndipo nsidze zimayamba kutsika, makamaka ca kumapeto kwake, mbali ya ku khutu, kumene mnofu wokweza uja sufika bwino. Munthu amaoneka wotopa kapena wokwiya pamene mumtima mulibe kanthu. Ena amangokhalila kukweza nsidze tsiku lonse kuti aone bwino, osadziwa n'komwe, ndipo zimenezi zimazamitsa makwinya opingasa pamphumi.

Musanaganize za mpeni, yesani izi. Imani pagalasi, tsinzinani pang'ono kuti mphumi imasuke, ndiyeno tsegulani maso osakweza nsidze. Ikani cala pamwamba pa nsidze n'kukankhila m'mwamba pang'ono cabe. Khungu limene linali kulendewela pa cikope likacoka, vuto lili pa nsidze. Likatsala, vuto lingakhale pa cikope penipeni, ndipo imeneyo ndi opaleshoni ina. Nkhani imeneyi si yoidumpha. Munthu akadulidwa khungu la pa cikope pamene cogwa ndi nsidze, mphumi imaleka kulimbikila kukweza, ndipo nsidze zingatsike kuposa kale. Anthu ena amafunika zonse ziwili.

Koma ngati nsidze, cikope kapena mbali imodzi ya nkhope yagwa mwadzidzidzi, iwalani za kukongoletsa. Thamangilani ku cipatala nthawi yomweyo, makamaka ngati pakamwa papotoka, mau sakutuluka bwino kapena dzanja lafooka, cifukwa ingakhale sitiloko. Cikope cimene cimakhala bwino m'mawa n'kumagwa madzulo naco cifunika kupimidwa coyamba.

Kumene dokotala amaceka

Njila zilipo zingapo, ndipo cimene cimasankhitsa ndi tsitsi lanu, kutalika kwa mphumi ndi mmene nsidze zagwela. Njila imene ambili amakonda masiku ano ndi yoceka timabala tating'ono titatu mpaka tisanu mkati mwa tsitsi. Dokotala amalowetsa kacipangizo kokhala ndi kamela kochedwa endoscope, amamasula khungu ndi minofu pa fupa, n'kuzikweza ndi kuzimangilila pamalo atsopano. Ngati kwagwa ndi kumapeto kwa nsidze kokha, angaceke m'mbali mwa mphumi, m'tsitsi momwemo. Palinso njila yakale yoceka kucokela ku khutu lina kukafika ku linzake, kudutsa pamwamba pa mutu. Imakweza kwambili, koma bala lake ndi lalitali, dzanzi limakhalitsa, ndipo tsitsi limayambila patali kuposa kale. N'cifukwa cake munthu wa mphumi yaitali nthawi zambili amacekedwa m'malile mwenimweni mwa tsitsi. Wa dazi, wa nsidze za tsitsi lambili kapena amene mbali imodzi ya nkhope inafooka angacekedwe pamwamba penipeni pa nsidze, kumene cipsela cimaoneka ngati sicinapole bwino.

Funsani kuti: "Mudzaceka pati, nanga cipsela cidzakhala cotalika bwanji?" Pemphani kuti akulozeni ndi cala pamutu panu. Funsaninso ngati dokotalayo anaphunzila opaleshoni ya nkhope, ngati ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anila madokotala, ndiponso amene mudzaimbila foni usiku zinthu zikavuta. Amene akukufulumizitsani kuti mulipile lelo lomwe, musamumvele.

Zimene muyenela kuulula

Apa ndi pamene anthu ambili amadzipweteka okha cifukwa ca manyazi kapena kuiwala. Uzani dokotala za matenda alionse amene muli nawo: shuga, BP, mtima, vuto la magazi osaundana msanga, kuuma kwa maso, komanso opaleshoni iliyonse ya maso kapena ya nkhope imene munacitidwapo. Ngati munabayidwa Botox (mankhwala ofooketsa minofu ya nkhope kuti makwinya acepe) posacedwapa, nenani, cifukwa amasintha malo a nsidze kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo dokotala angapime molakwika.

Onetsani zipsela zanu zakale, ngakhale ca katemela kapena ca kuboola khutu. Pali anthu amene bala lawo likamapola limatukuka, kulimba, kuyabwa ndi kukula kupitilila pamene panali bala. Madokotala amati keloid, ndipo vutoli limapezeka kwambili mwa anthu a khungu lakuda. Ngati munakhalapo nalo, kapena lili m'banja mwanu, lankhulani dokotala asanakufunseni n'komwe. Mwina adzasintha malo oceka, mwina adzakonzelatu cithandizo ca cipselaco, mwinanso adzakuuzani kuti opaleshoniyi si yanu. Yankho lomalizali limawawa kumva, koma cipsela cotukuka pamphumi n'covuta kwambili kucicotsa, ndipo kawilikawili cimabwelanso.

Mankhwala onse amene mumamwa mupite nawo m'mapaketi ake, kuphatikizapo mavitamini ndi azitsamba. Aspirin, ibuprofen ndi warfarin amacititsa kuti magazi acedwe kuundana. Komabe musaleke nokha mankhwala amene munapatsidwa cifukwa ca mtima kapena sitiloko. Dokotala ndiye anganene tsiku lolekela ndi loyambilanso. Fodya lekani pasadakhale, milungu inayi kapena kuposapo, ndipo musamubwelele mpaka bala litapola. Fodya amafinya timitsempha tobweletsa magazi pakhungu, ndipo khungu limene lamasulidwa pa fupa limadalila timitsempha tomweto kuti lisafe.

Tsiku la opaleshoni

Sambani m'mutu, ndipo musadzole ciliconse kumaso kapena m'tsitsi. Masulani tsitsi loluka, cotsani wigi ndi ndolo. Valani malaya a mabatani kutsogolo kuti musavutike kuvula kudzela kumutu. Ngati mudzagonekedwa tulo, nthawi zambili amaletsa cakudya kwa maola 6, koma tsatilani nthawi imene cipatala cakupatsani. Opaleshoni imatenga ola limodzi kapena awili, ndipo ambili amabwelela kunyumba tsiku lomwelo. Musayendetse galimoto. Pakhale munthu wamkulu wokutengani ndi kugona nanu m'nyumba usiku woyamba.

Masiku oyambilila kunyumba

Musadabwe nkhope ikatupa kwambili pa tsiku laciwili ndi lacitatu kuposa loyamba. Kutupa ndi mikwingwilima zimatsikila m'zikope, nthawi zina mpaka m'masaya, ndipo m'mawa maso angatseguke movutikila. Ndi mmene zimakhalila, ndipo zambili zimatha m'milungu iwili. Gonani cagada, mutu uli pamwamba pa mapilo awili kapena atatu. Ikani kansalu kozizila m'mbali mwa maso, koma ayisi asakhudze khungu, cifukwa pamalo a dzanzi mungapse ndi kuzizila osamva kanthu. N'cimodzimodzi ndi madzi otentha ndi makina oumitsila tsitsi.

Bandeji musaicotse nokha. Imwani mankhwala a ululu amene mwapatsidwa okhawo. Yendani pang'onopang'ono m'nyumba kuyambila tsiku loyamba kuti magazi asaundane m'miyendo, koma musawelame, musanyamule zolema, ndipo masewela olimbitsa thupi adikile mpaka dokotala atalola, kawilikawili pakapita milungu itatu kapena inayi. Ulusi kapena tizitsulo tosokela bala amacotsa pakapita masiku 7 mpaka 10. Ambili amabwelela ku nchito patapita masiku 10 mpaka 14.

Tsitsi lisamalileni mwapadela. Akakulolani kusamba m'mutu, gwilitsani nchito nsonga za zala, osati zikhadabo, ndipo nkhanambo muzisiye zigwe zokha. Mankhwala owongola tsitsi, odaya, kuluka kokoka ndi guluu wa wigi zonse zidikile mpaka dokotala ataona kuti bala latsekeka bwino. Dzuwa limadetsa cipsela catsopano, conco valani cipewa cosathina mukamatuluka.

Imbani foni kapena bwelelani ku cipatala mwamsanga ngati mbali imodzi yatupa mofulumila n'kulimba, ngati magazi sakuleka ngakhale mwakanikiza ndi nsalu yoyela, ngati ululu ukukulilakulila, thupi latentha, bala likutuluka mafinya kapena likununkha. Citaninso cimodzimodzi ngati maso ayamba kuona mwacimbuuzi, diso likukana kutsekeka, mwendo watupa kapena mukubanika. Musadikile kuti kuce.

Zimene zingatsale

Dzanzi pamphumi ndi pamwamba pa mutu limacitika kwa ambili, cifukwa mitsempha yomvela imene imatulukila pamwamba pa diso imakokeka. Ikamadzuka mumamva kuyabwa kapena tinthu tolasalasa, ndipo zingatenge miyezi. Kwa ena ocepa dzanzi silithelatu. Tsitsi lingathothoke m'mbali mwa bala, ndipo nthawi zambili limamelanso, ngakhale kuti pa cipsela penipeni silimela. Palinso mtsempha woyendetsa mnofu wa pamphumi umene umadutsa m'mbali mwa mutu. Ukavulala, nsidze imodzi imalephela kukwela. Kawilikawili umacila wokha, koma dokotala woona mtima adzakuuzani kuti ngozi yakuti usacile ilipo.

Pa milungu yoyamba nsidze zingaoneke zokwela kwambili, ndipo zimatsikako kutupa kukamatha. Musaweluze zotsatila mpaka patapita miyezi ingapo. Cofunika n'cakuti nsidze zibwelele pafupi ndi pamene zinali, osati zikwele mpaka nkhope ioneke yodabwa nthawi zonse. Cithunzi canu ca zaka khumi zapitazo cimathandiza dokotala kuposa ca munthu wina amene mumasilila. Dziwaninso kuti palibe amene nsidze zake ziwili n'zofanana ndendende, ndipo kusiyana pang'ono kungatsale.

Opaleshoniyi siicotsa matumba a pansi pa maso kapena khungu lolefuka la m'masaya, ndiponso siimitsa ukalamba. Zotsatila zimakhala zaka zambili, koma khungu limapitiliza kulefuka pang'onopang'ono. Pitani pa masiku onse amene mwauzidwa kuti mukaonedwenso, ngakhale mukumva bwino, cifukwa cipsela cimene cayamba kutukuka cimagonja msanga ku mankhwala cikadali cacing'ono.